Mbiya ya a Makwinja pa Chulu

Ndikakumbukira a Makwinja, mphuno zanga zimayamba kumva phulusa. Osati la pamoto wophikira, koma lija lozizira, losefedwa bwino, limene ankalisunga m'chitini chakale pakhonde pawo, loti akalitapa ndi dzanja fumbi lake linkakwera m'ndevu zawo n'kuziyeretsa kuposa mmene zinalili kale. Pambuyo pa phulusalo pamabwera fungo la fodya wa bale wopachikidwa m'chigafa cha atsibweni, lija lotsekemera ngati uchi wopserera, limene limalowa m'zovala ndi m'mabulangete mpaka umayiwala kuti lilipo. Kenako ndimamva kaphokoso ka waya akukhuzana ndi udzu wa denga kukawomba mphepo, tswii, tswii, ngati mbewa yogwidwa mchira.

A Makwinja sanali agogo anga enieni, ngakhale ndinkawaitana choncho. Anali obwera. Anachokera ku Phalombe ali ndi mphamvu zawo, n'kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya imene ili kutsidya kwa dambo lathu, kuno kwa Wimbe. Mphamvu zitatha esiteti inawatulutsa, ndipo malemu agogo anga aakazi anawamvera chisoni n'kuwadulira kamalo kuseri kwa nyumba yathu. Agogo atamwalira, malo onse anakhala m'manja mwa amayi anga, Anabanda. Choncho a Makwinja ankagona ndi kudzuka pa dothi la amayi, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Bambo anga anapita ku Joni ndili wakhanda, osabwereranso. Pakhomo tinalipo amayi ndi ine, ndipo wotiyang'anira anali mlongo wawo wa amayi, atsibweni a Gelesomu.

Kwathu ndi kwa see. Ukaima pamjigo umaona zigafa za midzi ina mpaka maso atatopa, ndipo phiri limaoneka patali kwambiri, laling'ono, lobiriwira ngati utsi. Koma a Makwinja ankakhala ngati munthu amene wamanga m'munsi mwa phiri. Anakumba ngalande kuzungulira nyumba yawo, ndipo chaka chilichonse ankaikonza mvula isanagwe. Pamwamba pa denga anadutsitsa mawaya, kumapeto kwa waya aliyense n'kumangirira mwala wolendewera, moti nyumbayo inkaoneka ngati yavala ndolo. Kuseri kwa chitseko kunkalendewera kamtolo komanga kale, muli bulangete, machesi okulunga m'pepala la pulasitiki, mchere ndi kampeni. Udzu wozungulira nyumba ankaupalira mpaka pansi pakhale mbee, kuopa moto wa anyamata osaka mbewa.

Anthu ankaseka, ndipo woyambitsa kuseka ankakhala atsibweni.

"Bambo Makwinja, ngalandeyi mukufuna muziwedzamo matemba?"

"Madzi sanena odi, a Banda," ankayankha choncho, osadzutsa mutu, khasu likupitiriza kugwa.

"Nanga achokera kuti madziwo? Kumjigo?"

Nthawi imeneyo kunali kuseka chabe. Kuseka kunatha chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, mwezi wa Malichi, fodya ali tho m'zigafa. Masana ena kumwamba kunada mwadzidzidzi, nkhuku zinathamangira pansi pa nkhokwe, ndipo mphepo inabwera ikukokota fumbi ndi masamba kuchokera kudambo. Inasasula denga la chigafa cha atsibweni n'kuliponya m'munda mwa mtedza, mvula n'kugwera pa fodya amene anali atatsala pang'ono kuuma. Nyumba zingapo zinatsala pamtetete. Ya a Makwinja inangogwedeza miyala yake, osachoka ngakhale udzu umodzi.

Mvula itakata anthu anaima panjira akuyang'ana nyumbayo, manja ali m'chiuno. Palibe amene anafunsa za mawaya. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Kodi mphepo ili ndi maso?" Atsibweni anaima pomwepo, m'manja muli fodya wonyowa amene anayamba kununkha chuku patangopita masiku ochepa. Chaka chomwecho chimanga sichinachite bwino m'minda yambiri, koma kadimba ka a Makwinja, kamene ankakathira manyowa ndi kuphimbira mapesi, kanabereka mochititsa nsanje. Anthu anaziona zimenezonso, n'kuzisunga.

Ine ndinali mwana wosatha kukana. Munthu wamkulu akandituma ndinkathamanga asanamalize kulankhula, ndipo akandiyamikira ndinkasangalala tsiku lonse. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amayi atapita kuchigayo, a Makwinja anandiitana pampanda.

"Tadala, mdzukulu, chimanga chija chili pa utsi m'khitchini mwanu. Unditong'olereko manja awiri."

Chimenecho chinali chimanga cha mbewu, chamakolo, chimene malemu agogo anga aakazi anasiya. Amayi ankasankha chachikulu bwino n'kuchipachika pamwamba pa moto, makoko ake n'kuda bii ndi mwaye, koma ukasenda mkati munkatuluka njere zolimba zoyera zimene anankafumbwe ankazilephera. Ndinakwera pa mtondo, ndinatsitsa, ndinatong'ola, n'kukapereka nditagwada. Anandithokoza n'kunena kuti, "Ndikuwasungira amayi ako." Amayi atangotula thumba la ufa ndinawauza ndi chimwemwe, poganiza kuti andiyamikira kuti ndalemekeza akulu.

Anandiyang'ana ufa uli mbuu m'nsidze.

"Mbewu?"

"Eya, amayi. Manja awiri okha."

"Mbewu satulutsa pakhomo mwini wake asanabzale. Unali kuti agogo ako akunena zimenezi?"

"Anandituma ndi akulu."

"Akakutuma kuti ukathire moto m'nkhokwe, ukathira?"

"Ayi, amayi."

"Ukathira iwe. Ndimakudziwa."

Kwathu kuno anthu amakhulupirira kuti alipo anthu okawa. Amati munthu amatenga pang'ono pa mbewu za mnzake n'kuzichitira mankhwala, kenako chimanga chimamera bwinobwino m'munda mwa mwini wake, koma chimakadzaza nkhokwe ya wokawayo. Ine sindinazionepo, ndipo sindikufuna kunamizira aliyense, wamoyo kapena womwalira. Ndikungonena zimene zinali m'mitu ya anthu, chifukwa popanda zimenezo amayi angaoneke ngati munthu woipa, pamene sanali choncho. Anali mayi wolera yekha mwana, wokhala ndi munda umodzi.

Amayi sanapite kukafunsa a Makwinja. Anapita kumjigo. Kumeneko, pakati pa kulira kwa ndowa, anangoponya funso ngati lachibwana, ndipo pobwerera anali atadziwa kuti si ine ndekha. Mwana wa Anaphiri anaperekako mtedza. Wina anapereka nyemba, wina khobwe. Onse anali ana, ndipo onse anatumidwa makolo atachokapo. Kuyambira tsiku limenelo amayi anasamutsa mtondo ndi mwala wochapira kupita kuseri kwa nyumba, pamalo poti akamasinja aziona chitseko cha a Makwinja. Ankawapatsabe moni m'mawa uliwonse, mwaulemu wonse, "Mwadzuka bwanji, bambo?" koma maso ali pa manja awo. Ine anandiletsa kudya chilichonse chochokera kumeneko. A Makwinja akandipatsa mtedza wokazinga ndinkalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, kenako ndinkauponyera nkhuku kuseri kwa bafa, malovu ali m'kamwa.

Amene anawatsatira anali atsibweni. Kumapeto kwa munda wa amayi kuli chulu chachikulu, chotalika kuposa nyumba, chomera zitsamba zaminga. Ife ana tinkaletsedwa kusewerako, chifukwa ankati akadzidzi amakonda kuterapo ndipo zimene zimachitika pamenepo si za ana. Atsibweni anaona a Makwinja akukwera chulucho masana, nthawi imene aliyense amakhala pamthunzi, dengu lili paphewa. Potsika, dengu linali lopanda kanthu ndipo manja anali ndi matope.

M'mawa mwake atsibweni anafika pakhomo atanyamula khasu, pambuyo pawo pali amuna angapo ndi amayi a kumjigo aja. Anaima pa ngalande ya a Makwinja, osailumpha.

"Odi, bambo Makwinja. Tiyeni mukationetse zimene mwaika pa chulu cha mlongo wanga."

A Makwinja anatuluka akumanga batani la shati. Anayang'ana gulu lonselo, anayang'ana amayi, ndipo sanakane. Anatsogola okha. Amayi anandigwira dzanja kuti ndipite nawo, chifukwa ankati nkhaniyi inayambira m'manja mwanga.

Pamwamba pa chulu, pansi pa kachisoti ka udzu, panali mbiya yaikulu yokwiriridwa mpaka m'khosi, pakamwa pake povindikira ndi phale n'kumata ndi dothi.

"Musaswe, a Banda," anatero a Makwinja. "Ndibwerekeni khasulo ndimatule bwino."

Atsibweni sanawapatse. Anakweza khasu n'kumenya kamodzi, mbiya inang'ambika, phulusa linafuka n'kutikuta tonse mpaka ena anayamba kutsokomola. Fumbi litatsika tinaona timatumba ta pulasitiki, tija togulira shuga, tili ndandanda m'phulusamo. M'kathumba kalikonse munali mbewu, ndipo kalikonse kanali komanga pakamwa ndi kansanza ka mtundu wakewake.

Anaphiri ndiwo anayamba kukuwa. "Mayo ine! Iyi ndi siketi ya mwana wanga!"

Wina anazindikira kolala ya shati ya amuna ake, wina mpango wake wakale. Amayi anawerama pang'onopang'ono n'kunyamula kathumba kamodzi ndi zala ziwiri. Kanali komanga ndi chidutswa cha chitenje chabuluu cha maluwa achikasu, chimene ankandiberekera ndili wakhanda. Dzanja limene linali litandigwira linandifinya mpaka ndinamva kuwawa.

"Sindidziwa kulemba, mayi," anatero a Makwinja. Mawu awo anali otsika. "Ndikanadziwa bwanji kuti iyi ndi ya Anabanda, iyi ndi ya Anaphiri? Nsanzazo ndinatola kudzala. Zinali zotaya."

"Zotaya zathu," anayankha amayi.

"Nanga munthu wosunga chimanga amasunga pa chulu?" anafunsa atsibweni. "Pakhomo penipeni pa chiswe? Mukutiona ngati ana?"

"Chuluchi chinafa kalekale, mulibe chiswe. Ndipo malo okwera amene muli nawo kuno ndi okhawa."

"Chabwino. Tinene kuti mumatisungira. Bwanji osapempha eni ake? Bwanji kudikira tichokepo, n'kumatuma ana?"

A Makwinja anayang'ana zidutswa za mbiya yawo. Kenako anadzutsa mutu.

"Mukanandipatsa?"

Aliyense ankadziwa yankho lake. Koma funsolo silinawathandize. Ndinamva bambo wina kumbuyo akuti, "Mwamva? Ankadziwa kuti n'zoletsedwa." Atsibweni anatembenukira kwa ine n'kundifunsa zimene a Makwinja ananena polandira chimanga. Maso onse anali pa ine, ndipo ndinayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi kuti, "Anati akuwasungira amayi." Ena anaseka. Anaphiri anati, "Nayenso fisi amasungira mbuzi mwini wake."

Anyamata ena anayamba kulankhula za machesi ndi denga la a Makwinja. Apa ndiyenera kuwanenera zoona atsibweni: anawakalipira. "Kuno sitiwotcha nyumba ya munthu. Tili ndi tchalitchi." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Malo ndi ako, Nabanda, ine sindingakulamulire dothi. Koma ndanena pamaso pa anthu. Khrisimasi isamupeze pano."

"Ndamva, achimwene," anatero amayi. Ndipo anawauza okha a Makwinja pomwepo, mwaulemu womwe uja wa moni wa m'mawa, kuti ayambe kufunafuna kolowera.

Anthu anasonkha moto m'munsi mwa chulu n'kuponyamo timatumba tawo, mtedza ukuthetheka, pulasitiki ikununkha. Amayi anaima pafupi ndi motowo nthawi yaitali, kathumba kali pa zala ziwiri. Sanakaponye. Chinali chimanga cha amayi awo, ndipo dzanja linakana. Koma kulowa nako m'nyumba anakananso. Anandikweza mumtengo wa mango wa kunja kwa mpanda kuti ndikapachike pa nthambi, kenako anandisambitsa m'manja ndi sopo wochapira mpaka khungu linatentha. Titachoka pa chulu, a Makwinja anatsala atagwada m'phulusa, akutola chimanga chimene chinali pansi penipeni pa mbiya, chosamanga ndi nsanza iliyonse. Chinali chawo, chochokera m'kadimba kaja, ndipo chinadzaza dengu.

Mvula inabwera mu Novembala, yamphamvu, yonunkhira bwino, yogwa masiku otsatizana mpaka dothi linafewa kufika pansi. Mudzi wonse unakhamukira kuminda. Atsibweni anawokera fodya, ife tinatsitsa chimanga chonse cha pa utsi n'kubzala munda wonse osasiya ngakhale njere. Chinamera bwino, mizere yobiriwira kuyambira pamsewu mpaka pa chulu. Kenako kumwamba kunayera. Dzuwa linatuluka lero, mawa, mkuja, sabata inatha, inanso inatha. Timasamba tinayamba kupota masana n'kutambasuka m'mawa, kenako tinaleka kutambasuka. Amayi ankayenda m'mizere akufukula ndi chala, ndipo chimene ankapeza chinali fumbi lotentha ndi timizu touma ngati ulusi.

A Makwinja sanabzale ndi mvula imeneyo. Anthu anazionanso. "Akudziwa chimene wachita kumwambaku," ankatero kumjigo. Koma iwo ankangogulitsa nkhuku zawo imodziimodzi, n'kumadikira yankho la mphwawo wa ku Phalombe, amene anamutumizira uthenga pa foni ya aphunzitsi.

Tsiku lina amayi anasonkhanitsa zonse za a Makwinja zimene zinali kwathu, chikwakwa, sefa ndi kampando, n'kundituma kuti ndikabweze, chinthu chawo chisatsale pakhomo pathu. Ndinawapeza atakhala pakhonde, akupeta chimanga chija kuchotsa zidutswa za mbiya. Ndinatula katunduyo, koma miyendo inakana kubwerera.

"Agogo, chifukwa chiyani munachita zimenezi?"

Anapitiriza kupeta kwa kanthawi.

"Kwathu phiri linasanza madzi, mdzukulu. Timati napolo. Kunali m'mawa, ine ndili kumunda wa kumtunda. Mkazi wanga ndi mwana anali m'nyumba." Anachotsa kaphale m'lichero n'kukaponya pansi. "Amene tinatsala, madzi ataphwa, tinaima pa matope. Makasu tinawafukula. Manja analipo. Mvula inali ikugwabe, yabwino yobzalira. Koma chobzala panalibe, mudzi wonse, ngakhale njere imodzi. Aliyense ankasunga mbewu m'nyumba mwake, ndipo nyumba zonse zinapita limodzi. Mbewu ya chithandizo inafika nyengo itatha."

"Koma kuno kulibe phiri, agogo."

"Ndikudziwa. Mutu wangawu umadziwa bwinobwino. Manjawa ndiwo samva."

Ndinakawauza amayi zonse, mawu ndi mawu, monga ndinkachitira nthawi zonse. Anamvetsera akusenda chinangwa, osasiya.

"Ukuganiza kuti okawa sakhala ndi nkhani zomvetsa chisoni?" anatero. Koma mpeni unaima pang'ono usanapitirize.

Khrisimasi itayandikira, mitambo inayambanso kuunjikana kum'mawa. Achule anayamba kulira kudambo, ndipo aliyense anadziwa kuti mvula yeniyeni ili pafupi. M'munda mwathu munalibe chamoyo. Amayi anadzuka n'kuyenda wapansi kupita ku Chamama kukafuna mbewu, ndipo anabwerako madzulo mapazi ali mbuu, thumba lili lopinda m'khwapa. M'mashopu ambiri inali itatha, ndipo yotsalayo sakanaikwanitsa. A Makwinja anali atamanga katundu. Ankati anyamuke Loweruka, tsiku la msika, pamene magalimoto amapezeka.

M'mawa wa Lachisanu amayi anandiuza kuti ndikwere mumtengo wa mango. Ndinatsitsa kathumba kaja, anakamasula panja, anathira njerezo m'mbale n'kuziyang'anitsitsa, kuzinunkhiza, kuluma imodzi. Zinali zouma, zolimba, zopanda kabowo ngakhale kamodzi. Koma zinali manja awiri a mwana. Zikanangokwana mizere ingapo.

Anakhala pa mtondo nthawi yaitali, mbale ili pamiyendo, maso ali pa chitseko chija. Kenako anaimirira, anamanga chitenje, n'kulumpha ngalande.

"Odi, bambo."

"Lowani, mayi."

"Ndiima pompano. Chimanga chanu chija munatola pa chulu chili kuti?"

"Chilipo. Ndimati ndikusiyireni pakhonde mawa ndikamanyamuka."

"Mundisiyire, inu n'kuthawa? Kuti chikamera zachilendo ndizifunsa ndani?" Amayi anapukusa mutu. "Ayi. Mubzala nokha, ndi manja anu, m'munda mwanga. Mupalira, mubandira, mukolola. Chikalowa m'nkhokwe yanga, inunso muzidya za m'nkhokwe yomweyo. Ngati mumakawa, mukawe chanu chomwe, tione kumene chidzapite."

A Makwinja anagwira chitseko ngati pansi pagwedezeka.

"Nanga Khrisimasi, mayi?"

"Khrisimasi ndi ya Yesu, si ya achimwene. Masulani katunduyo. Khasu ndikubwerekani langa, lanu munagulitsa."

Mvula inagwa masana omwewo, ndipo m'mawa mwake, nthawi imene akanakhala ali pamsewu kudikira galimoto, tinali m'munda atatu. A Makwinja ankatsogola akuboola mapando, ine ndikuponya njere, amayi akukwirira ndi phazi pambuyo pathu, pamalo poti azitiona tonse awiri. Chimanga cha malemu agogo aakazi chija amayi anachibzala okha, pafupi ndi nyumba, osalola wina kuchigwira.

Atsibweni anatipeza tili pakati pa munda. Anaima pamzere, mvula yowaza ikuwanyowetsa chipewa.

"Nabanda, wapenga?"

"Sindinapenge, achimwene. Tandiuzeni, munthu amene mukumukayikira mumamutumiza kutali, kumene simukumuona? Nsanza yanga anaigwira kale. Akakafika ku Phalombe ndidziwa bwanji zimene akuchita nayo? Akhale pompano, pamaso panga."

Atsibweni anavula chipewa, anakanda m'mutu, anayang'ana a Makwinja amene ankangoboola mapando ngati sakumva.

"Zikakuvuta usadzandiitane."

"Ndidzakuitanani ndithu. Ndiitananso ndani?"

Anapita akung'ung'udza. Koma patangopita masiku ochepa ndinaona akazi awo akuzungulira kuseri kwa mpanda wathu, mbale yovindikira ili m'chitenje, akulowera kwa a Makwinja. Si okhawo amene anadutsa njira imeneyo sabata imeneyo. Chimene chinatsala m'dengu chinatha ndi mbale zovindikira, ndipo aliyense ankabwera yekha, akuyang'ana uku ndi uku.

Sindinganame kuti tinakolola zambiri. Tinabzala mochedwa, ndipo chimanga chinali chaching'ono. Koma nkhokwe sinakhale yopanda kanthu, ndipo chaka chimenecho sitinapite kuesiteti kukagwira ganyu yolipidwa madeya. Kumjigo ena ankati, "Mwaona? Wakawa zathu n'kukathira kwa Anabanda." Madzi amene a Makwinja ankawaopa sanabwere, mpaka lero sanabwere.

Anakhala kuseri kwathu zaka zonse zimene zinawatsalira. Atayamba kudwala, amayi ndiwo ankawaphikira phala ndi kuwachapira, ndipo atamwalira atsibweni anali m'gulu la okumba manda. Koma mtondo sunabwerere kutsogolo kwa nyumba mpaka maliro atatha. Nditakula ndinalimba mtima tsiku lina n'kufunsa, "Amayi, kodi mumakhulupiriradi kuti agogo aja ankakawa?" Anaganiza kaye, n'kuyankha kuti, "Sindinawagwire." Sindinafunsenso.

Masiku ano mudzi wathu uli ndi komiti yoona za ngozi, ndipo tili ndi kachipinda kuseri kwa tchalitchi kumene banja lililonse limasungitsako mbewu pang'ono, kuti ng'amba ikawotcha zobzala zoyamba, kapena moto ukagwira nyumba ya munthu, pakhale poyambira. Anasankha ine kuti ndizisunga kiyi, mwina chifukwa anaona kuti sinditha kukana. Ndimayesetsa kuchita zonse poyera. Ndimapempha pa msonkhano, dzuwa likuwala, kwa akuluakulu okhaokha. Mwana akabwera ndi mbewu ndimamubweza kuti akaitane mwini wake. Sindigwira thumba la munthu iye asakuona. Ngakhale zili choncho, alipo mabanja amene sabweretsa, ndipo sindiwakakamiza, chifukwa ndimadziwa kumene mantha awo amachokera.

Amayi amabweretsa chaka chilichonse. Amanyamula okha, amalowa okha m'kachipindako, n'kumanga thumba lawo ndi mfundo ina yake imene sanaphunzitsepo munthu, ngakhale ine. Pakapita masabata angapo amatulukira kutchalitchi ngati akungodutsa, n'kundiuza kuti nditsegule. Amatembenuza thumbalo, amayang'ana mfundo yawo mbali zonse, kenako amayang'ana ine.

"Sikuti ndikukukayikira, mwanawe," amatero. "Koma kiyi ali ndi iwe."